Sukulu ya ku Gando: pulani ya wophunzira imene inamangidwa mwini wake asanalandire digiri

Sukulu ya pulayimale ya m'mudzi wa Gando, ku Burkina Faso, inayamba kumangidwa mu October 2000 ndipo inatha mu July 2001. Amene anajambula pulani yake, Diébédo Francis Kéré, anali adakali wophunzira wa zojambula mapulani a nyumba pa yunivesite ya Technische Universität Berlin ku Germany. Digiri anadzalandira mu 2004, ana ataphunzira kale m'sukuluyo zaka zitatu. Lipotili likuunika mmene nyumbayo inamangidwira, chifukwa chimene inagwirira ntchito, ndiponso mbali zake zimene wophunzira wa kuno ku Malawi sayenera kungokopera.

Maganizo athu tiwaneneretu. Chimene chinapulumutsa pulaniyi si kukongola kwake, ngakhale kuti ndi yokongoladi. Ndi chakuti chilichonse chimene chinajambulidwa papepala chinali choti anthu a m'mudzimo atha kuchiumba, kuchinyamula ndi manja, ndi kudzachikonza mwini pulani atabwerera ku Ulaya.

Munthu wake ndi malo ake

Gando ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 200 kum'mwera chakum'mawa kwa Ouagadougou, pafupi ndi tawuni ya Tenkodogo. Nthawi imeneyo munalibe magetsi kapena madzi a m'mipope. Mvula imagwa kuyambira cha mu June mpaka September, kenako pamabwera miyezi ya mphepo youma ya fumbi yotchedwa harmattan, ndipo mvula isanayambenso kumatentha kupitirira madigiri 40.

Kéré anabadwa mu 1965 ndipo bambo ake anali mfumu ya mudziwo. Poti kunalibe sukulu, anachoka ali ndi zaka 7 kukaphunzira ku Tenkodogo, m'kalasi ya mabuloko a simenti, yamdima ndi yosalowa mphepo, mmene ana ankapanikizana pafupifupi 100. Anaphunzira ukalipentala, ndipo mu 1985 anapita ku Berlin ndi thandizo la maphunziro a ntchito zamanja. Masana ankakhoma madenga ndi mipando, usiku n'kumaphunzira za sekondale. Ku yunivesite analowa mu 1995 ali ndi zaka 30. Mbiri imeneyi ili ndi ntchito pa nkhaniyi: anafika patebulo lojambulira akudziwa kale kulemera kwa thabwa, ndiponso kutentha kwa kalasi ya malata nthawi ya masana.

Mu 1998 iye ndi anzake anakhazikitsa bungwe lotchedwa Schulbausteine für Gando kuti lisonkhe ndalama. Mwini wake amanena kuti anayambira kwa ophunzira anzake, kuwapempha kuti achepetse khofi ndi fodya, ndipo m'zaka ziwiri anapeza madola 50,000 a ku America. Mudzi unapereka malo ndi manja. Bungwe la boma la LOCOMAT, limene linkalimbikitsa kumanga ndi zipangizo zopezeka m'dzikomo, linathandiza kuphunzitsa oumba njerwa.

Panali vuto lina limene ndalama sizikanathetsa. Anthu atamva kuti sukulu idzakhala ya dothi, anakhumudwa. Kwa iwo dothi linali la amphawi, lofuna kumata chaka ndi chaka mvula ikatha, ndipo sankaona chifukwa chimene mwana wawo wophunzira ku Ulaya angawabweretsere chinthu chomwecho chimene ankachithawa. Kukayika kumeneku sikunali umbuli. Anali ataona makoma a zidina akusungunuka. Choncho pulani inayenera kuyankha funso lawolo, osati kulizemba.

Pulani yake

Pulaniyo ndi yosavuta: makalasi atatu pamzere umodzi, iliyonse ya ana 50, ndipo pakati pa kalasi ndi inzake pali malo opanda makoma koma ofoleredwa, oti ana n'kusewererapo kapena kuphunzirirapo. Zonsezi zakhala pansanja yokwera pang'ono, pansi pa denga limodzi lalitali. Mzerewo unagona kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, moti dzuwa la m'mawa ndi lamadzulo, limene limabwera chopendekeka ndipo denga silingalitchinge, limagunda makoma aafupi a kumapeto. Makoma aatali okhala ndi mawindo amayang'ana kumpoto ndi kum'mwera, kumene dzuwa limakhala pamwamba ndipo mthunzi wa denga umakwanira. Kuzungulitsa nyumba moteremu sikudya ndalama ngakhale pang'ono, koma ndi chinthu chimene chimaiwalika kawirikawiri chifukwa eni ake amafuna kuti khomo liyang'ane kumsewu.

Njerwa

Makoma ndi a njerwa za dothi zopsinjidwa ndi makina a manja, zothiridwa simenti pang'ono, zosaotcha. Ndi zomwe kuno timazitcha ma SSB. Makina otere si achilendo. Oyamba kutchuka, a CINVA-Ram, anapangidwa ku Bogotá m'dziko la Colombia m'zaka za m'ma 1950. Ntchito yambiri ya njerwazi ili pa kusankha dothi, ndipo apa m'pamene ophunzira ambiri amagwa chifukwa ku yunivesite amangouzidwa kuti "dothi la pamalopo" ngati kuti dothi lonse ndi limodzi.

Dothi la pamwamba, lakuda, lokhala ndi mizu ndi zinyalala zowola, lichotsedwe lonse. Zowolazo zimalepheretsa simenti kugwira. Lofunika ndi la pansi pake, lokhala ndi mchenga wochuluka ndi dongo longokwanira kumatirira. Poyeza, thirani dothi m'botolo loonekera mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu, dzazani madzi, khutchumulani kwambiri, n'kulisiya tsiku lonse. Mchenga umakhala pansi msanga, fumbi losalala pamwamba pake, dongo n'kumalizira. Mchenga ukapitirira theka ndipo dongo likakhala pakati pa magawo 10 ndi 20 pa 100, dothilo ligwirizana ndi simenti. Katondo nthawi zambiri amachita bwino. Makande a kudambo ayi: amafufuma akanyowa n'kunyala akauma, ndipo njerwa zake zimang'aluka ngakhale muwonjezere simenti. Dothi la dongo lambiri limafuna kuthiramo mchenga, kapena kugwiritsa ntchito laimu m'malo mwa simenti. Kuyeza kwachiwiri ndi kwa kabokosi ka thabwa kotalika masentimita 60, mulifupi ndi kuya masentimita 4. Mudzazemo dothi lonyowa, muliumitse pamthunzi sabata imodzi, n'kuyeza mmene lanyalira. Likanyala kupitirira masentimita 6, dongo lachuluka.

Dothi lisefedwe ndi sefa ya mabowo a mamilimita 5 mpaka 10, lili louma. Simenti amakhala magawo 5 mpaka 10 pa 100 polemera. Musakanize zouma kaye mpaka mtundu ukhale umodzi, kenako muwaze madzi pang'onopang'ono ndi kheni yothirira mbewu. Chinyezi choyenera amachidziwa chonchi: finyani dothi m'dzanja likhale kampira, mukagwetse pamalo olimba kuchokera cha paphewa. Kakamwazika ngati ufa, madzi achepa. Kakaphwatalala osasweka, achuluka. Kakasweka zidutswa zinayi kapena zisanu, zakhala bwino. Mukathira madzi, dothilo lipsinjidwe lisanathe ola limodzi, chifukwa simenti amakhala atayamba kale kugwira. Gulu limene limasakaniza mulu waukulu m'mawa kuti liziumba mpaka masana limatulutsa njerwa zooneka bwino zimene zimanyenyeka ndi chala.

Cholakwika chofala kwambiri ndi kuyanika njerwazi padzuwa ngati zidina. Simenti amalimba ndi madzi, osati ndi dzuwa. Njerwa zikatuluka m'makina zisanjidwe pamthunzi, zifunditsidwe pepala la pulasitiki ndi kuwazidwa madzi kwa masiku 7 mpaka 14, kenako ziume pang'onopang'ono mpaka akwane masiku 28. Musanamangire, tengani zingapo muziviike m'madzi usiku wonse. Yabwino imatuluka ngodya zake zili zakuthwa ndipo msomali umangoikanda pamwamba.

Ziwerengero zake wophunzira azidziwe asanapite kwa opereka ndalama. Njerwa wamba ya masentimita 29.5 ndi 14 ndi 9 imalemera makilogalamu pafupifupi 7. Pa simenti wa magawo 6 pa 100, thumba la makilogalamu 50 limatulutsa njerwa pafupifupi 118. Pa magawo 8, pafupifupi 90. Khoma lochindikala masentimita 14 limadya njerwa 31 pa sikweya mita, la masentimita 29.5 limadya 61. Tiyerekeze kalasi ya mamita 7 ndi 9, makoma otalika mamita 3 a njerwa yonse: mukachotsera zitseko ndi mawindo mutsala ndi masikweya mita pafupifupi 80, kutanthauza njerwa 4,900, ndipo mukawonjezera zosweka zifika 5,300. Amenewo ndi matumba 45 a simenti, osawerengera womangira, ndi matani 37 a dothi oti akumbidwe, asefedwe ndi kututidwa pa wilibala. Makina amodzi a manja okhala ndi anthu asanu amatulutsa njerwa 300 mpaka 500 patsiku. Ndiye kalasi imodzi yokha ndi milungu iwiri youmba, kuphatikiza inayi yoti njerwa zomaliza zikhwime. Ndandanda ya ntchito yosawerengera milungu imeneyi imakakamiza amisiri kumangira njerwa zanthete.

Tionenso nyengo imene ntchito ya ku Gando inayambira. October ndi pamene mvula ya kumeneko yangotha, choncho kuumba ndi kumanga kunachitika m'chilimwe, denga n'kukwera mvula ina isanalimbe. Kuipa kwake n'kwakuti chilimwe ndi pamene madzi amasowa, pomwe njerwa zimawafuna tsiku ndi tsiku. Amayi a m'mudzimo ndi amene ankatunga madziwo pamutu, ena n'kumatuta miyala ya maziko. M'bajeti zimenezi zimalembedwa mzere umodzi wakuti "thandizo la anthu a m'mudzi", koma zikadawerengedwa mtengo, nyumbayo sikanatchedwa yotchipa chotere.

Maziko ndi pansi

Khoma la dothi limaphedwa ndi madzi ochokera mbali ziwiri: okwera kuchokera m'nthaka, ndi othovukira pakhoma mvula ikamenya pansi. N'chifukwa chake maziko a ku Gando ndi a miyala ndipo nyumba inakwezedwa. Lamulo lake ndi lakuti njerwa yoyamba ya dothi ikhale masentimita osachepera 30 pamwamba pa nthaka, pakati pake ndi maziko pakhale pepala lakuda loletsa chinyontho, ndipo nthaka yozungulira itsetserekere kunja. Kukwezaku kumathandizanso kuona msanga njira za chiswe.

Pa zomanga za ku Gando, Kéré anagwiritsanso ntchito luso la m'mudzimo lokonza pansi pa dothi. Anyamata amatsendera dothi ndi mitengo kwa maola ambiri, amayi n'kubwera kudzalimenya akuwaza madzi, kenako agogo amalikulungiza ndi miyala yosalala mpaka kuwala. Aliyense amene anaonapo nkhulungo ikuyenda pansi pozira adziwa ntchito yake. Luso limeneli silinachokere ku Berlin. Wojambula pulani anangolipatsa malo.

Denga

Apa m'pamene pali nzeru yaikulu ya nyumbayi. Malata ndi otchipa, opepuka ndi osadontha, koma padzuwa amatentha kufika madigiri 60 kapena 70, ndipo kutenthako amakulavulira pansi pa mitu ya ana. Mvula ikagwa, phokoso lake limaimitsa phunziro. Kéré sanawataye malatawo. Anawatalikitsa.

Pamwamba pa makoma anaika mabimu a konkire odutsa mulifupi mwa kalasi. Pamabimuwo anayala zitsulo, ndipo pazitsulozo anasanja njerwa za dothi kukhala siling'i, zosamangira ndi matope, zokhala ndi mipata. Pamwamba pa siling'iyo pali mathirasi a zitsulo amene anyamula malata m'mwamba, kusiya mpata waukulu wopanda khoma mbali zonse. Zikufanana ndi nkhokwe, imene denga lake limangokhala pamwamba, lotambalala kupitirira thupi lake, mphepo n'kumadutsa pansi pake.

Zimene zimachitika ndi izi. Malata amasanduka mthunzi chabe. Kutentha kwake kumachotsedwa ndi mphepo yodutsa mumpatamo kusanafike pasiling'i. Siling'i ya dothi ndi yolemera, choncho imachedwa kutentha, ndipo imachepetsa phokoso la mvula. Mpweya wofunda wa m'kalasi umakwera n'kutulukira m'mipata ya njerwa, ndipo potuluka umakoka wina wozizirirapo kudzera m'mawindo. Komanso denga linatulukira kutali kunja kwa makoma, moti mvula sifika panjerwa. Limeneli ndiye linali yankho la funso la anthu a m'mudzi lija.

Mathirasiwo akuyenera kuwayang'anitsitsa. Ku Gando kunalibe kireni, ndipo kubweretsa zitsulo zikuluzikulu zopangidwa kale kuchokera ku Ouagadougou kukanadya ndalama zonse. Mitengo yowongoka yocheka mapaso ndi yosowa m'dera limenelo, ndipo chiswe chimaidikirira. Choncho mathirasi anapangidwa ndi zitsulo wamba zomwe timaika m'konkire, zodulidwa ndi sowo yamanja n'kuwotchereredwa pamalo pomwepo ndi makina aang'ono. Chidutswa chilichonse chinali choti anthu ochepa atha kuchikweza ndi manja. Anyamata amene anaphunzira kudula ndi kuwotcherera pantchitoyi anatsala ndi luso lopezera ndalama.

Wofuna kupanga thirasi yotere adziwe pamene imalepherera. Chitsulo chowonda chimapirira kukokedwa koma chikapanikizidwa chimapindika, choncho zidutswa zopanikizidwa zikhale zazifupi, ndipo thirasi ikhale ya timakona atatu m'mbali zonse, osati yafulati. Powotcherera ndi pamene pamathyoka: chitsulo chozungulira chikangokhudza chinzake pakadontho kamodzi, mfundoyo ndi yabodza, ndipo pafunika kuti zigonerane masentimita angapo. Zitsulo zina zolimba kwambiri zimathyoka msanga zikawotchereredwa mosasamala, motero injiniya anene mtundu wake ndi ndodo zowotcherera zoyenera. Pomaliza, zonse zipalidwe ndi kupakidwa penti woletsa dzimbiri malata asanakwere, chifukwa akakwera palibe amene adzafikeko ndi bulashi.

Zimene zinatsatira

Sukulu inatsegulidwa ndi ana 120, ndipo posakhalitsa inadzaza ndi ochokera m'midzi yozungulira. M'kupita kwa zaka chiwerengero chinafika 700. Apa pulani yoyamba inaonetsa malire ake: inali ya makalasi atatu basi. Vuto lina linali aphunzitsi, amene sakhalitsa kumudzi kopanda nyumba zabwino. Mu 2004 panamangidwa nyumba zisanu ndi imodzi za aphunzitsi, ndipo mu 2008 panatha mdadada wina wa makalasi. Wophunzira wojambula sukulu ya kumudzi aphunzirepo: papepala loyamba asonyeze kale pamene mdadada wachiwiri, nyumba za aphunzitsi, zimbudzi ndi chitsime zidzakhale, ngakhale ndalama zake palibe.

Pa mdadada wachiwiri siling'i inasintha, inakhala yokhota ngati uta. Njerwa imalimba ikamapanikizidwa, ndipo siling'i yokhota imachititsa kuti njerwa iliyonse izikankha inzake m'malo mogonera chitsulo. Kuipa kwake n'kwakuti uta umakankhira makoma kunja, choncho umafuna bimu yolimba yougwira m'mbali. Anthu sanakhulupirire kuti njerwa zokhota zingaime popanda chozigwira pansi. Kéré sanawaonetse masamu. Anamanga uta umodzi woyeserera pansi, n'kukwerapo iye ndi gulu lake anthu akuona. Njira imeneyi anaipitiriza pantchito zake za kumeneko, chifukwa ambiri mwa omangawo sankawerenga mapulani: chinthu chatsopano chilichonse ankayamba achimanga cha msinkhu wake weniweni. Ngakhale kumene amisiri amawerenga mapulani, khoma loyeserera la mita imodzi ndi thirasi imodzi yosenzetsedwa matumba a mchenga zimaulula zolakwika pamene kukonza kudakali kotchipa.

Laibulale ya ku Gando, imene inayambika cha mu 2010, ili ndi kanthu kosangalatsa: mbiya zoumbidwa m'mudzimo anazicheka n'kuziika m'denga la konkire asanathire, kuti zisiye mabowo ozungulira olowetsa kuwala ndi kutulutsa mpweya wotentha. Koma inatenga zaka zambiri kuti ithe, monga zimakhalira ntchito zodalira zopereka.

Mu 2004, chaka chomwe analandira digiri, sukuluyi inapambana mphotho ya Aga Khan Award for Architecture, pamodzi ndi nyumba zikuluzikulu monga Petronas Towers ya ku Kuala Lumpur ndi Bibliotheca Alexandrina ya ku Egypt. Mphotho imeneyi imaperekedwa pa zaka zitatu zilizonse, ndipo imangoganizira nyumba zimene zagwira kale ntchito kwa chaka kapena kuposerapo, akatswiri n'kupita kukaziona. Sinapite kwa chithunzi chokongola cha pakompyuta. Mu 2005 anatsegula ofesi yake, Kéré Architecture, ku Berlin. Sukulu ya sekondale ya ku Dano, ku Burkina Faso komweko, ya 2007, anaimanga ndi mwala wofiira wa laterite, umene umadulika mosavuta ukangokumbidwa n'kumalimba ukakhala pamphepo. Chipangizo chinasintha chifukwa malo anasintha. Denga lokwezedwa linakhalabe. Kenako kunabwera sukulu ya Lycée Schorge ku Koudougou mu 2016, Serpentine Pavilion ku London mu 2017, sukulu ya Benga Riverside ku Tete m'dziko la Mozambique mu 2018, ndi mphotho yapamwamba ya ojambula mapulani a nyumba ya Pritzker mu 2022, imene anali munthu woyamba wa ku Africa kuilandira.

Tisanamizane, njira imeneyi si yoti aliyense angaidutse. Kéré anali mwana wa mfumu, womanga kwawo, wolankhula chinenero cha omangawo, ndipo anali ndi anzake a ku Germany oti n'kuwapempha ndalama. Wophunzira wopita kumudzi wa eni alibe zonsezi, ndipo ayenera kuthera nthawi yochuluka kwa mfumu, komiti ya sukulu ndi ofesi ya maphunziro kuposa imene athere patebulo lojambulira.

Zosayenera kukopera

Njerwa za mtunduwu zili kale pakati pathu. Nyumba zodikirira amayi oyembekezera za ku Kasungu, zimene a MASS Design Group anajambula ndipo zinatha mu 2015, zinamangidwa nazo, ndipo mu 2018 panakhazikitsidwa malamulo a National Construction Industry Council oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda. Motero ophunzira ambiri amatembenukira ku Gando akafuna chitsanzo. Pali zinthu zitatu zimene zimasintha pulaniyo ikafika kuno.

Choyamba, chomwe ndi chaching'ono, ndi dzuwa. Gando ali kumpoto kwa equator, pa madigiri pafupifupi 12, pamene Lilongwe ali kum'mwera pa madigiri 14. Kumeneko dzuwa lotsika la masana limagunda khoma la kum'mwera mu December. Kuno limagunda la kumpoto mu June, litakwera madigiri pafupifupi 53. Pa ngodya imeneyi denga lotulukira kunja mamita 1.5 limaponya mthunzi wotsika mamita 2. Koma mthunziwo umayambira pamlomo wa malata, osati pamutu pa khoma. Mukakweza denga mita imodzi, mwataya theka la mthunziwo, ndipo mvula ya mphepo nayo yapeza polowera. Kukweza denga kumafuna kulitambalitsanso. Mapulani ambiri a ophunzira amakweza osatambalitsa.

Chachiwiri ndi mphepo. Denga lopepuka, lotambalala, lotseguka pansi, mphepo imalinyamula. Mphepo ya liwiro la makilomita 108 pa ola imakankha ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu 55 pa sikweya mita, ndipo m'mphepete ndi m'makona mwa denga lotseguka imaposa pamenepo. Malata eni ake amalemera makilogalamu atatu kapena anayi okha pa sikweya mita. Pa denga la masikweya mita 300, mphamvu yolikweza ikupitirira matani 16. M'dziko limene chaka chilichonse timamva za masukulu osasuka madenga, ndipo laona anamondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, njira ya mphamvuyi iyenera kujambulidwa yonse: lata ku chitsulo chopingasa, chitsulocho ku thirasi, thirasi ku mbale yachitsulo yomizidwa m'bimu ya konkire, bimu ku khoma kapena chipilala cholemera mokwanira. M'mphepete ndi m'makona zomangira zichuluke kawiri. Waya wokulunga pathirasi n'kumata ndi matope sikumanga denga.

Chachitatu ndi choopsa kwambiri, ndipo sichioneka pazithunzi. Burkina Faso ali panthaka yokhazikika imene zivomezi sizichitikachitika. Malawi ali m'chigwa cha Rift Valley; chivomezi cha ku Salima cha 1989 ndi za ku Karonga za mu December 2009 zinagwetsa nyumba. Siling'i ya njerwa zochindikala masentimita 9 imalemera makilogalamu 170 pa sikweya mita, kutanthauza matani oposa 10 pamwamba pa kalasi ya mamita 7 ndi 9. Njerwa zongosanja, zosamangirira, pamwamba pa ana 50, m'dera la zivomezi, ife sitingazivomereze. Kulemera kwa pamwambako kumawonjezeranso mphamvu yogwedeza makoma. Nzeru ya denga lapawiri itha kusungidwa ndi siling'i yopepuka ya matabwa, nsungwi zothiridwa mankhwala kapena mabolodi, yokhala ndi mipata yotulutsira mpweya, makoma n'kumangidwa pamodzi ndi ring'i bimu yosaduka ndiponso zitsulo m'makona. Mutaya pang'ono kuzizira kumene dothi limasunga. Mipatayo itchingidwe ndi waya wa sefa, apo ayi mileme ndi mbalame zisandutsa siling'i chogona chawo, fumbi ndi zitosi n'kumagwera pamabuku.

Chotsalira ndi cha mapepala. Wophunzira, kaya wa ku MUBAS kapena kwina, sanalembetsedwe ku Board of Architects and Quantity Surveyors, choncho pulani yake ikafuna kumangidwa pafunika katswiri wolembetsedwa woisainira, injiniya wowerengera mathirasi, mabimu ndi maziko, ndi chilolezo cha khonsolo. Mgwirizano ndi komiti ya sukulu ulembedwe, usonyeze amene akupereka dothi, madzi, mchenga ndi miyala, amene akulipidwa ndi amene akudzipereka, komanso miyezi imene anthu adzakhale kumunda osapezeka. Pa tsiku lopereka nyumba, komitiyo ilandire pepala limodzi la m'Chichewa lonena zoti iziyang'ana mvula isanayambe: zomangira malata zomwe zakhwefuka, dzimbiri pamfundo za mathirasi, ngalande zotsekeka, ndi njerwa za m'munsi zimene zayamba kudyeka. Itsalenso ndi njerwa 200 zapadera zosungidwa pouma, ndi muyezo wa dothi ndi simenti wolembedwa m'mawilibala ndi m'ndowa zomwezo zimene zinagwira ntchito pamalopo.